A Henderson Asankhira Mwana Mfuti

Alamu anga a Henderson Chimbalanga ndi munthu yekhayo ku Beaumont Leys, kuno ku Leicester m'dziko la Angelezi, amene amakwera basi ya ku ntchito atavala ngati akukayendera minda yake. Jekete lochindikala la mtundu wa udzu wouma, chipewa chaphwatalala, nsapato zopukutidwa mpaka kudziwonerapo. Minda alibe. Ali ndi kabwalo kuseli kwa nyumba komwe mlongo wanga Marjorie amayanikapo zovala. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba, ndipo amaigwira ndi mtima wonse, apa ndisawanamizire. Nkhalamba za kumeneko zimakana kumetedwa ndevu ndi wina aliyense ngati iwo ali pa shifiti.

Matenda awo ndi zinthu zakale za Angelezi. Anawatengera ku Thyolo, pa esiteti ya tiyi komwe bambo awo ankagwira ntchito m'nyumba ya manijala. Loweruka bambowo ankapukuta mfuti ya bwana, ija ya mipope iwiri yogona moyandikana ngati mphuno, ndipo mwana ankaloledwa kungoyang'ana, manja ali kumbuyo. Atafika kuno, ife tikulimbana ndi mapepala a nyumba, iwo anali kalikiliki kufunafuna laisensi ya mfuti. Wapolisi atabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo, anamulandira ndi tiyi wa m'makapu a alendo. Marjorie anangopukusa mutu n'kunyamuka ulendo wa ku ntchito yake ku chipatala.

Nyama sasaka. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi amapita ku munda wa mlimi wina kufupi ndi Melton Mowbray, komwe makina amaponya timbale tadothi m'mwamba, anthu n'kumatiwombera. Ndinawafunsa kuti ndiwo zake zili pati pamenepa. Anati ndine wotsalira.

Mwana ali naye mmodzi, Mayankho, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Kunyumba mawu ake ndi eya ndi ayi, onsewo m'Chingelezi, chitseko cha kuchipinda chili chotseka. Koma tsiku lina anapempha yekha kuti apite nawo kumundako, ndipo m'galimoto anamasuka: za kusukulu, za anzake, za mphunzitsi wa masamu yemwe samumvetsa. A Henderson anandifotokozera izi misozi ikulengeza m'maso. Kuyambira pamenepo Lamulungu masana linali la awiriwo.

Vuto linali loti mwanayo ankangophonya. Mphunzitsi wake anali bambo ake omwe, poti munthu wokulira pa esiteti sangalipire wina kuti amuphunzitsire mwana mfuti. Timbale tinkauluka n'kukagwa tathunthu m'udzu, phewa la mwana likuwawa pachabe. Patapita miyezi Mayankho anati zamukwana, iye sangathe, ndipo Lamulungu azitsala kunyumba. A Henderson chakudya chinawakanika. Ankadziwa kuti chitseko chija chikatsekedwanso sichidzatseguka msanga. Mlandu anaupeza pa mfuti: yawo ndi yolemera, mwana akufunika yopepuka, yakale, yopangidwa ndi manja a amisiri enieni. Anamunyengerera kuti ayeseko komaliza. Ine ananditenga ngati mboni.

Sitolo ya mfutiyo inali m'katauni kena ka kumidzi, yonunkha mafuta a mfuti ndi galu wonyowa. Mwini wake, mzungu wamtali waimvi, anaika mfuti ziwiri patebulo. Yoyamba inapangidwa ku Birmingham nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, thabwa lake lotsamiritsa paphewa litada ndi manja a anthu, pachitsulo pali timaluwa tozokota. Yachiwiri inali yofanana nayo ngati mapasa, koma ya chaka chatha, yochokera ku Turkey.

"Iyi ndi fotokope," a Henderson anandinong'oneza, akuloza yatsopanoyo. "Alamu, orijino ndi orijino. Taigwirani yakaleyi mumve hisitole."

Ndinaigwira. Ndinangomva kuzizira.

Wogulitsa uja analibe changu. Anapatsa Mayankho kakhadi kobowola pakati, n'kumuuza kuti atambasule manja, ayang'ane wotchi ya pakhoma kudzera pabowopo maso onse ali otsegula, kenako akabweretse pang'onopang'ono kunkhope. Kakhadi kanakafikira pa diso lamanzere. Anabwereza, chimodzimodzi. Kenako mkuluyo anamuponyera mpira wa galu mosamuchenjeza, ndipo mwana anauwakha ndi dzanja lamanzere.

"Mtsikanayu ndi wamanzere, diso ndi dzanja lomwe," anatero wogulitsa m'Chingelezi. "Akaika mfuti paphewa lamanja, mipope ikuloza kwina, diso likuyang'ana kwina. Akhoza kuwombera mpaka Khirisimasi osaswa kanthu."

"Ayi bwana, pepani," anatero a Henderson, akukonza jekete. "Mwana wanga amalemba ndi lamanja. Amadya ndi lamanja. Tinamulera bwino ameneyu."

Mayankho anayankha akuyang'ana pansi, m'Chingelezi chake chija. "Chifukwa munkandilanda supuni, Dadi. Ndi pensulo. Munkati dzanja ili ndi lamwano."

Kwathu zimenezi sitizitcha nkhanza. Mwana wopatsira mkulu chinthu ndi dzanja lamanzere amachititsa manyazi makolo ake, ndiye umamuwongola akadali wamng'ono, zikatheka n'kuiwala. A Henderson anali ataiwaladi. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ine amene ndinabwera kudzawaseka chifundo chinandigwira.

Wogulitsa anafotokoza kuti thabwa la mfuti amalipinda pang'ono kuti likhale bwino patsaya la mwini wake. La mfuti ya ku Birmingham linapindidwira munthu wamanja. Akhoza kulitenthetsa n'kulibweza mbali inayo, koma thabwa lokalamba chotero limatha kung'aluka, ndipo iye sangalonjeze kanthu. Koma ya ku Turkey anali nayo ina kumbuyo, yopangidwira amanzere.

A Henderson dzanja silinachoke pa mfuti yakale ija. Anaisisita, kuitsegula, kuitseka, kuti angomva kulira kwa chitsulo chake. Chinthu chimene ankachiyang'anira patali ali mwana chinali m'manja mwawo, laisensi ili m'thumba, wowaletsa palibe. Ndimawadziwa alamu anga. Ankafuna kunena kuti mwana azolowera, ndipo mawuwo ndinawaona akufika pakamwa. Anayang'ana Mayankho, amene anali akufinyabe mpira uja, n'kuwameza. Mfuti anaikankhira kwa mwini wake pang'onopang'ono ngati akupereka mwana kwa adokotala.

"Tabweretsani fotokope yamanzereyo," anatero.

Kuseli kwa sitolo kunali dambo loyeserapo. Mayankho anaika mfuti paphewa lamanzere mokayikira. Kambale koyamba kanapita kathunthu. Kachiwiri kanangoti phwa, kusanduka fumbi. Mwana anatsegula mfuti monga anaphunzitsidwira, n'kutembenuka kukamwa kuli yasa. Totsatira sanaswe tonse, koma anaswa tokwanira kuti galu wa m'sitolo atuluke kudzaona. A Henderson anawomba m'manja mpaka chipewa chinagwera m'matope. Anauza wogulitsa, amene sanawafunse, kuti luso limeneli ndi la kumtundu kwawo.

Mfuti inalembedwa pa laisensi ya bambo, poti mwana sanafike msinkhu wogula yake. Pobwerera a Henderson ndiwo ankayendetsa, ine pambali pawo, Mayankho kumbuyo.

"Lamulungu tinyamuke msanga, Dadi," anatero mwana. "Musachedwenso ndi macheza a ku tchalitchi."

A Henderson anavomera ndi mutu. Tinayenda kamtunda, minda ndi nkhosa zikudutsa. Kenako anamuyang'ana pagalasi.

"Mayankho, mwana wanga, n'chiyaninso china chimene umachita ndi dzanja lokuvutalo?"

Mwana anaganiza kaye, akuyang'ana pawindo.

"Zonse, Dadi. Ine ndinkangoti ndinabadwa wosatha zinthu."

Pa raundabauti tinapitirira msewu wobwerera kwathu ku Leicester, ndipo palibe amene anawauza.