Lole ya ku Mulanje

A Flywell Chikopa si munthu wa macheza. Anayendetsa basi ku Woolwich, mu London, mpaka imvi mbuu, ndipo amene anakwerapo angakuuzeni kuti moni wawo unali kugwedeza mutu basi. Kwawo anathawako ndale zitavuta, ufulu utangobwera kumene. Koma chimene chinkawadya mumtima ndi chakale kuposa pamenepo. M'chaka cha 1959, apolisi a atsamunda anakweza mkulu wawo Greenwell mulole ku Mulanje, ndipo sanabwererenso. Manda ake palibe anawaonapo.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo Ellen anayamba kuwakokera kumalo ochezera okalamba kuseri kwa msika, Lachiwiri lililonse. Ankapita monyinyirika, n'kukakhala pakona chikhoti osavula.

Tsiku lina akuyankha foni m'Chinyanja, anamva mawu kumbuyo kwawo: "Kodi ndinu a kwathu ku Nyasaland, achimwene?"

Kucheuka, mzungu! Nkhalamba yotheratu, ili pa njinga ya olumala, dzina lake Pemberton. Chinyanja chake chinali chachikale, chija ana a masiku ano sachidziwa. Ananena yekha, monyadira ndithu, kuti ali mnyamata anali wapolisi ku Malaya, ku Kenya, kenako ku Mulanje.

A Flywell anadzuka pampando. Anapita kuchimbudzi n'kukaima nthawi yaitali atagwira sinki.

Masabata anadutsa osafunsa za mkulu wawo. Ankaopa. Nanga mzunguyo akakana? Nanga akavomera, iwo adzatani naye munthu woti supuni imamugwa m'manja? Komanso mutu wake unkachita kubwera ndi kupita: lero akudziwani, mawa akufunsani ngati ndinu dalaivala wa ambulansi. Choipa kwambiri n'chakuti a Flywell anayamba kuliyembekezera Lachiwiri. Adzukulu awo amayankha m'Chingerezi, ndiye mu London monse muno woseka nawo miyambi anali mdani yemweyu. Zinkawachititsa manyazi.

Kenako mayi woyang'anira malowo analengeza kuti a Pemberton akusamukira kwa mwana wawo kumpoto, ndipo lero n'lomaliza. Keke inali kale patebulo.

A Flywell anakoka mpando mpaka mawondo awo anagunda njinga ija.

"Bambo Pemberton, ndili ndi funso. Ku Mulanje, nthawi ya mvula, munatenga anthu pamsika. Panali mnyamata wamtali, wa mpata kumano, telala. Anakwera lole tepi yoyezera ili m'khosi. Ndi mkulu wanga. Munakamusiya kuti?"

Mzungu uja anatseka maso.

"Lole ndikuikumbukira," anatero pang'onopang'ono. "Mvula inali yambiri. Tinaima pamlatho, wina analumpha, tinathamangira m'mitengo ya rabara..."

"Pamlatho uti?"

"Ayi, dikirani. Rabara ndi ku Malaya." Anakwinya nkhope, akuyesetsa ndithu, sankanama ayi. "Kapena kunali ku Kenya? Uko kunalinso wamtali."

"Ku Mulanje, bambo! Greenwell Chikopa!"

Mayi woyang'anira uja anayamba kuyandikira, mpeni wa keke uli m'manja.

A Pemberton anatsegula maso odzaza misozi n'kugwira dzanja la a Flywell. "Pepani, achimwene. Malole anali ofanana. Kulikonse kumene anatitumiza anali ofanana."

A Flywell anakhala choncho, dzanja lawo lili m'dzanja lozizira lija, osalichotsa, osalifinya. Ukali umene anausunga moyo wawo wonse unasowa pofikira.

Madzulo Ellen anabwera kudzawatenga. Iye nkhaniyi anakula nayo, ndipo atangowaona nkhope anazimitsa wailesi ya m'galimoto.

"Adadi, mwawafunsa? Akuti chiyani?"

A Flywell anamanga lamba, maso ali kumsika kumene anyamata ankapakira makatoni.

"Akuti malole anali ambiri, mwanangu. Tiye kunyumba."