Mabiringano a Apongozi

Amake mapasa anali telala wa manja abwino. Pa shopu yomwe ankasoka, ya makina anayi ndi ayironi imodzi yolimbirana, kolala ikavuta ankapatsa iwo. Koma mbiri yawo sinachokere pa kolala ayi. Inachokera m'kontena ya pulasitiki yomwe ankatsegula nthawi ya nkhomaliro.

Munkakhala ndiwo zamasamba basi, koma zoyenda ndi nyengo. Mvula ikagwa, bowa wokazinga ndi adyo. Kukazizira, kabichi wodula mopyapyala ngati ulusi, wa tsabola ndi timadzi ta mandimu. Kukatentha, mabiringano ofewa ngati chiwindi. Anzawo ankasiya nyama yawo n'kumapisa masupuni m'kontenamo.

Tsiku loyamba mwini shopu atafunsa kuti waphika ndani, amake mapasa anangoti, "Aa, n'zongoyesera izi." Sananene kuti ndi iwo, sananenenso kuti si iwo. Koma bodza lili ngati msoko wotothoka: ukaulekerera lero, mawa wafika m'chiuno. Pomatha chaka anali akupereka ndi malangizo omwe. "Chinsinsi chake ndi moto," ankatero. Moto wotani, sankadziwa.

Wophika weniweni anali apongozi awo aamuna. Bambowa anagwira ukhukhi pa hotela zaka makumi atatu, ndipo akazi awo atamwalira, anabwera kudzakhala kwa mwana wawo, m'kachipinda ka kuseri. Sabata yoyamba anadya mwaulemu masamba a mpongozi wawo, ophika mpaka kuda bii, osambira m'madzi. Sabata yachiwiri anapempha mpeni. Kuyambira pamenepo ankalawirira kumsika ndi kathumba kawo.

"Masamba suchita kuwalembera kunyumba," ankatero. "Umagula amene achuluka pamsika, chifukwa ndi amene nthawi yawo yakwana."

Amake mapasa ankadya mpaka kunyambita zala, koma mtima sunkakhala m'malo. Mayi wamkulu, wa ana a ku sekondale, kumaphikiridwa ndi apongozi, anthu akamva ati chiyani? Choncho alendo akabwera ankati, "Bambo, kapumuleni, mwatopa." Bambowo ankavula epuloni yawo yothetheka, n'kutenga mbale yawo kukadyera kuseri.

Pa shopupo panali mtsikana wosoka mabatani, woonda kwambiri moti ankamutcha Nsingano. Atakhala ndi pakati, anzake ankati nsingano yameza batani. Iye sankaseka nawo, chifukwa chilichonse chimene wadya chinkabwerera. Zokhazo za m'kontena ya amake mapasa n'zimene zinkakhala m'mimba.

"Mayi, ndibwera Loweruka mundiphunzitse," anatero tsiku lina. "Amuna anga atopa kundiona ndikumwa madzi okha."

Amake mapasa anati Loweruka achapa. Nsingano anati awathandiza kuchapako. Zokanira zinathera pomwepo.

Loweruka Nsingano anafika chakum'mawa ndi jumbo ya mabiringano, zitheba ndi matimati. Apongozi anali atauzidwa kale kuti akapumule, koma anangokhala pa mpando wawo pakhomo la khitchini, akunola mpeni. Amake mapasa anatsuka mabiringano kawiri, kachitatunso, kuti nthawi ipite. Kenako anathira madzi m'poto n'kutenga biringano lathunthu kuti aponyemo.

"Mayi," anatero apongozi mosakweza mawu, "ndiwadule kaye n'kuwawaza mchere monga mumandiuzira muja? Kuti kuwawa kutuluke?"

Amake mapasa anaima, biringano lili m'manja.

"Ee, Bambo. Duleni."

Zinayenda choncho mpaka mapeto. Bambowo sanalamule kanthu, ankangofunsa. Madziwa nditaye, poti inu mumafuna mafuta? Ndiwapukute ndi kansalu kuti asathethereke? Tiike ochepa ochepa monga mwa nthawi zonse, kuti poto asazizire? Adyo adikire anyezi afiire kaye, eti, kuopa kuti angapserere? Amake mapasa ankangoti ee, ee, atagwira mthiko ngati wobwereka. Zitheba zinalowa pomaliza, zinatuluka zikadali zobiriwira, zolira pa dzino.

Nsingano ankalemba zonse kuseri kwa pepala la miyezo. Atalawa anatseka maso.

"Koma mayi inu muli ndi mtima," anatero. "Mpaka agogo omwe mwawaphunzitsa. Agogo, mukalimbikira mudzakhala katswiri."

"Ndikuyesetsa, mwana wanga," anayankha bambowo. "Aphunzitsi ndi abwino."

Anavula epuloni, n'kutenga mbale yawo, ulendo wa kuseri. Amake mapasa sanawaitane. Anakhala pa tebulo n'kudya ndi mlendo wawo.

Ataperekeza Nsingano, anapita kuseri. Anawapeza bambowo akukokota mbale ndi kachidutswa ka buledi. Amake mapasa anakhala pa sitepe, maso ali pa zala zakumapazi.

"Bambo, munadziwa liti?"

"Kalekale. Kontena imapita yodzaza ya anthu anayi, imabwera yonyambitidwa. Ndiye tsiku lina mwini shopu wanu tinakumana kumsika, anandiuza kuti ndili ndi mwayi, ndimadya za mpongozi wodziwa kuphika."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati zoona, ndili ndi mwayi." Anaika mbale pansi. "Musadandaule, mayi. Ku hotela kuja ndinaphikira anthu zaka makumi atatu, palibe anandionapo nkhope. Ankathokoza amene wanyamula mbale. Ndinazolowera."

Akanawakalipira, bwenzi zitapepuka. Mawu oti ndinazolowerawo anawakhala amake mapasa pachifuwa Lamlungu lonse. Anaganiza za maulendo onse amene anawauza kuti akapumule, m'nyumba ya mwana wawo yemwe.

Lolemba, nthawi ya nkhomaliro, anatsegula kontena koma sanaikankhire pakati. Anaigwira ndi manja awiri.

"Ndiwozi sindiphika ine," anatero. "Sindinaphikepo n'kamodzi komwe. Amaphika ndi apongozi anga."

Mwini shopu anayamba kuseka mpaka misozi.

"Ndiye moto uja? Ine ndinapsereza mapoto awiri chifukwa cha moto wanuwo."

Nsingano sanaseke. Anagwira pakamwa.

"Ine ndinawauza kuti akalimbikira adzakhala katswiri," anatero. "Munthu wamkulu ngati uja. Mayi, mwandichititsa manyazi."

Zimenezo zinawapweteka amake mapasa kuposa kuseka kuja. Kwa milungu ingapo, aliyense wothyola singano kapena kupsereza malaya pa shopupo ankauzidwa kuti chinsinsi chake ndi moto. Iwo ankangowerama pa makina.

Masiku ano Loweruka amake mapasa amadzuka m'mawa kupita kumsika ndi apongozi, kathumba atanyamula iwo. Pa zophikaphika sanafike patali. Anyezi amadulabe zidutswa zikuluzikulu, ndipo therere lawo loyamba linachuluka mchere moti mapasa anathawa pa tebulo. Apongozi anamaliza mbale yawo yonse, anamwera madzi makapu atatu, kenako anati sabata yamawa ayambire pa kabichi.