Tikiti ya Mayi Doyle

Lotale ya boma itangoyamba kumene ku Ireland, ntchito zinali zitasowa. Ana atatu a mayi Doyle, eni nyumba imene ndinkachita lendi ku Rathmines, onse anali atapita kunja kukasaka ntchito. Loweruka lililonse mayiwo ankandituma kupositi kukawagulira tikiti, manambala ake masiku obadwa a anawo.

Tsiku lina ndili pamzere, analowa wansembe wa kwathu ku Dedza.

"Achimwene, mwayamba juga?"

"Ayi bambo, ndikufuna masitampa."

Ndinaguladi masitampa, tikiti osagula.

Madzulo tinakhala pa TV kudikira manambala.

"Tikiti uli nayo?" anafunsa mayi Doyle.

"Ili m'thumbamu, mayi."

Nambala yoyamba kutuluka inali yawo. Yachiwiri inali yawonso. Anandigwira dzanja mwamphamvu, akutchula mayina a ana awo. Ine thukuta lili kamukamu, ndinkapemphera chamumtima kuti mayi wosaukayu aluze. Mulungu anandimvera, zinayi zotsalazo zinaphonya.

Mayi Doyle ataona thukutalo, anandisisita paphewa.

"Usadandaule mwanawe, uli ndi mtima wabwino."

Anandithirira tiyi. Ndinamwa, n'kupemphanso bisiketi yachiwiri.