Manda a Kuseri kwa Hotela

Ndikawakumbukira agogo aamuna, chimayamba kundifika ndi fungo la makala a m'simbi losakanikirana ndi nthunzi ya malaya owazidwa madzi, kenako phokoso la simbiyo ikugunda patebulo pakhonde pathu ku Bangwe, gu, gu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anali dobi. Ankasita zovala za aphunzitsi ndi za anyamata ogwira ntchito m'masitolo ku Limbe, ndipo ngakhale tiyi ankamwera chiimire, diso lili kumsewu ngati pali wina amene wachedwa.

Ntchitoyi anaiphunzirira kunyumba ina yaikulu ya panjira ya ku Thyolo, imene iwo ankangoitcha kwa Bwana. Mbiri yake ankaiponya pang'onopang'ono, pakati pa malaya ndi malaya. Amene anaimanga anali mzungu wolima fodya, nthawi ya thangata, ndipo njerwa zake anasenza nawo bambo awo atangofika kuchokera ku Mozambiki. Mzungu atapita inagulidwa ndi mkulu wina wachipani, amene ankangobwera Loweruka kudzawotcha nyama. Matipate atabwera mkuluyo anazimiririka, m'chipinda chodyera nkumagona mbuzi. Kuseri kwake, kupitirira pamene panali nyumba za antchito, kunali manda aang'ono, ndipo kumeneko kunagona agogo aakazi, mayi awo a mayi anga, amene ine sindinawaone.

Tsiku lina bambo wina wodzatenga thalauza lake anati nyumbayo yasanduka hotela, ndipo kuseri akufuna kukumba dziwe losambiramo ndi kumanga zipinda zoti anthu olemera azikafukizidwa nthunzi ndi kusisitidwa mafuta. Agogo anafunsa kuti kuseri mbali iti. Bamboyo sankadziwa. Masana amenewo agogo anapsereza kolala ya malaya a ahedi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Agogo atanena kuti ndiwaperekeze akaone okha, mayi anayamba akana, ati mwana sapita kumanda, koma iwo anali ndi khanda, ndipo maso a agogo anali atachita chifunga moti zikwangwani za maminibasi sakanaziona. Ndinapita ine. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wogulitsa mandasi pasukulu, ndipo ndinkadziona ngati mu Bangwe monse mulibe wondiposa pakamwa.

Pageti mlonda anayang'ana nsapato za agogo zamatayala nkunena kuti ganyu inatha. Ndinamuuza kuti mdala ameneyu ndiye akudziwa pamene pali chitsime chakale, akapanda kulowa wina agweramo, ndipo wofunsidwa adzakhala iye. Chitsime sindinkadziwa ngati chilipo. Anatsegula.

Mwini hotelayo anali mayi wina wakonkuno, wobwera kumene kuchokera kunja kumene anathawira nthawi ya chipani chimodzi. Tinawapeza akupachika zithunzi zakale zimene anazipeza kudenga, osadziwa ngakhale munthu mmodzi wa m'zithunzimo. Ine ndinaona msika pomwepo. Ndinawanong'oneza agogo kuti asanene kanthu kaye: katundu tili naye ndife, womufuna ndi mayiwa, ayambe atilembera pepala loti manda sawakhudza. Agogo anagwedeza mutu ngati amva. Kenako anayandikitsa nkhope pachithunzi choyamba nkukhuthula zonse. Uyu anali khukhi, uyu anathyoka mwendo pahatchi, chipinda ichi munkakhala mfuti, khonde ili linawonjezedwa chaka cha njala. Mayi aja akulemba m'kope, ine ndikuwaponda agogo phazi. Titalowa m'chipinda chodyera anagwira nsalu ya patebulo, nati yasitidwa youma, pabwere simbi ndi madzi m'mbale. Anasita nsalu zinayi, ulele, ine ndikuona, mtima ukundiwira.

Potsiriza mayiwo anafunsa kuti awachitire chiyani.

"Mundibwereke tsache, mayi," anatero agogo.

Tinazungulira kuseri. Nkhadze zimene zinkazinga manda zinali zitadulidwa, mitumbira itaphwa kale ndi mvula za zaka zambiri, ndipo chingwe cha amisiri chinali chitakokedwa pazikhomo kudutsa pakati penipeni. Ine ndinaima patali monga anandilangizira mayi anga. Agogo anavula nsapato nayamba kusesa, akutchula ogona pamenepo mmodzimmodzi, uyu wa m'dimba, uyu mwana wa mlonda, mpaka anafika pachitsa china nagwada.

"Esinati, ndine. Kwabwera alendo, usadabwe phokosoli."

Mafosholo analeka kulira. Kapitawo wa amisiri anavula chipewa, nauza mwini hotela kuti iye sankadziwa, ndipo anyamata ake pamenepo sakumbapo zivute zitani. Mayi aja anawerama nazula okha chikhomo, nati dziwe lipite kumunsi.

Apa ndinalowererapo msanga, ndati ndiye atilembere. Agogo anandidula.

"Iwe, wamkulu akanena wanena. Pepala chimadya chiswe."

Mu minibasi ndinawadandaulira njira yonse kuti agulitsa ng'ombe pamtengo wa nkhuku. Iwo anangondifunsa ngati nsalu zija zinaoneka bwino patebulo.

Dziwe linapitadi kumunsi. Manda anawatchinga ndi mpanda wa nsungwi, khoma ndi khoma ndi chipinda cha nthunzi, moti ukamasesa umamva kanyimbo kozizira ndi fungo la mafuta a bulugamu. Mbiri imene anakhuthula agogo ili m'felemu polandirira alendo, m'Chingerezi chabwino, yopanda dzina lawo. Iwo anamwalira, mayi aja anagulitsa hotela, wogulayo anagulitsanso.

Lero ndimagulitsa kaunjika mu Limbe, ndipo anzanga amati ndikhoza kumugulitsa jekete munthu mu Okutobala. Koma pepala lija kulibe mpaka pano. Ndiye chaka chilichonse mvula isanagwe ndimasiya benchi langa, nkukayambanso nkhani pageti ndi mlonda watsopano, kenako ndi manijala watsopano amene akayang'ana mpanda wa nsungwi uja amaonapo malo abwino oimika magalimoto. Ndimalankhula mpaka kukhosi kuuma, ndimatchula mayina onse monga ndinawamvera, ena ndimachita kuwawonjezera maudindo. Sindinapambanepo kotheratu. Ndimangowagulira agogo aakazi chaka chimodzi, nkubwerera ku Limbe ndikuganiza kale zimene ndidzanene chaka chamawa.