Khola la a Musatero

Malume anga anthu ankawatcha a Musatero, chifukwa mawu amenewa sankawachoka pakamwa. Ankalima tomato ndi kabichi, komanso ankaweta nkhumba kuseri kwa nyumba yawo, pamtunda. Anthu atakumba chitsime kumunsi kwa dimba lawo, anawasankha kukhala wapampando wa komiti, poti anali munthu waukhondo, wovala malaya osita ngakhale pokathirira mbewu. Udindowo anaugwira ndi manja awiri. Ankapirikitsa mbuzi, ankakalipira ochapa pafupi, ndipo chingwe cha ndowa chikakhudza pansi ankachitsukitsa.

Chaka china mvula itangoyamba, madzi anasintha. Ankanunkha, ndipo ana anayamba kutsekula m'mimba. Malume sanachedwe kupeza wolakwa: mayi wina wamasiye, telala, amene ankachapa matewera a mapasa ake chakumunsi kwa chitsime. Pamsonkhano anamuimiritsa pamaso pa anthu n'kumuuza kuti uve wake utha ana a eni. Kuyambira tsikulo mayiyo ankakatunga kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu.

Koma fungo silinathe. Patapita mwezi kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wovala majombo. Anafika mvula ikugwa, ndipo m'malo mosuzumira m'chitsime, anayamba kulondola kangalande kamene kankathira madzi akuda m'mbali mwake. Tinamutsatira anthu angapo, malume ali pambali pake ndi ambulera, akumufotokozera za matewera.

Kangalandeko kanalowa m'dimba la malume, m'mizere yolunjika kumunsi momwe anali atangothira feteleza. Kanadutsa pamwala pomwe ankatsukira pampu yopopera mankhwala, mabotolo atatu opanda kanthu ali m'matope. Kanakathera pakhola, pomwe ndowe za nkhumba zinkasungunuka n'kumatsetsereka.

Mlangizi anafunsa mwaulemu kuti kholalo linali la yani. Tonse tinangoti maso pa nkhumba.

"Ndi langa, mayi," anatero malume.

Mayiyo sanawanyoze. Anangofotokoza kuti madzi sakwera phiri, choncho matewera ochapidwa kumunsi sakanafika m'chitsime. Kufatsa kwakeko n'kumene kunawapweteka kwambiri. Anaweramitsa mutu, ambulera itapendekeka, mvula ikuwalowa m'khosi.

Masabata awiri sanatuluke pakhomo. Akazi awo ankauza alendo kuti bambo akumva mutu. Kenako m'mawa wina tinamva khasu likulira. Khola analisamutsira kutsidya lina la mtunda, n'kukumba dzenje la ndowe lofolera pamwamba. Mizere anaitembenuza kuti ipingase, m'mphepete anabzala udzu wa vetiva, ndipo makabichi a kumunsi anawazula asanakhwime kuti pakhale tchire losefa madzi. Anthu odutsa akawapatsa moni ankayankha osadzutsa nkhope.

Chimene chinawakulira chinali kupita kwa telala uja. Kawiri konse anabwerera panjira. Kachitatu ananyamula buluku ngati chonamizira, n'kukamupeza pakhonde akupalasa makina. Mayiyo analitembenuza bulukulo uku ndi uku.

"Ili ndi labwinobwino, bambo. Nenani chimene mwadzera."

Malume anapepesa, chipewa chili m'manja. Iye anawamvetsera mpaka atamaliza, kenako anati, "Munandichititsa manyazi pagulu. Kupepesa kwa pakhonde kuno ndikakuonetsa ndani?"

Pamsonkhano wotsatira malume anaimirira. Munthu amene ankatha kulankhula ola lathunthu osameza malovu, tsikulo anachita chibwibwi. Ananena kuti amene anadwalitsa ana ndi iwo, kuti anasemera chinyau munthu wosalakwa, ndipo anatula pansi udindo. Panalibe amene anawaletsa. Chitsime chinakapidwa, chinathiridwa mankhwala, ndipo mvula yotsatira madzi anakhala oyera. Telala uja anayambanso kutunga, ndipo patapita nthawi anthu anamulowetsa m'komiti.

Lero malume ndi okalamba. Alimi a kumtunda amabwera kudzaona mizere yawo ndi kupempha mbande za vetiva, ndipo iwo amawakumbira okha osawerenga. Wina akawayamikira kuti ndi mlimi wanzeru, amasintha nkhani msanga n'kuyamba kudandaula za mbozi. Madzi amatunga akazi awo kapena mpongozi. Iwo, ngakhale njira yachidule yopita kumsika imadutsa pachitsime, amazungulira kumsewu.