Kanema Amene Anakumanitsa Apongozi

Ine ndine wa m'tauni, sindibisa. Ndinakulira ku Sunnyside, m'nyumba ya kampani imene bambo anga ankagwirako ntchito, ndipo kumudzi tinkangopita kukagwa maliro. Choncho nditayamba kuphunzitsa Chichewa pa sekondale ina ku Chilobwe, miyambo imene ndinkaidziwa inali ya m'buku, yolembera mayeso.

Chaka china ndinatopa nazo zimangirizo za ana anga a Fomu 3. Aliyense ankalemba za ulendo wa ku Lilongwe kumene sanapondeko n'komwe. Ndinabweretsa foni yanga ndi laputopu yakale yoguluka batani limodzi, n'kuwauza kuti aliyense ajambule kanema wa mphindi zitatu wa ntchito za anthu a kwawo. Foniyo ankabwerekana, lero uyu, mawa uyo.

Mtsikana wina, makolo ake ochokera ku Nsanje, anandidabwitsa. Pa chimangirizo ankavutika kudzaza tsamba, koma foni ili m'manja ankadziwa poima ndi pofunsa. Anajambula bambo ake akuwotcherera zitsulo ku Ginnery Corner, ndiponso agogo ake obereka mayi ake akugulitsa milamba yowamba mumsika wa Chilobwe. Bambowo sizinkawasangalatsa. Anabwera okha kudzandiuza kuti, "Madamu, mwana ndinamutumiza kusukulu, osati kudzaseweretsa foni. Ndikangoona chopusa, zimenezi azisiya."

Masiku amenewo ndinali nditangophunzira kugawa chithunzi pawiri, ndiye ndinkadzimva. Ndinaika bambo kumanzere, agogo kumanja, nkhope zitayang'anizana. Zina zimene bambowo analankhula ndinadula osamvetsera, poti mphindi zinapitirira.

"Madamu, awatu sayang'anizana," anatero mtsikanayo.

"Ndi chithunzi chabe, iwe. Luso lake ndi limeneli."

Anabwerera pamalo pake, ine n'kuyesa kuti wagonja.

Tinaonetsa makanemawo pa msonkhano wa makolo, ndi pulojekita yobwereka, nsalu yoyera titapachika pa bolodi. Agogo aja anakhala kumbuyo pakati pa amayi, mkamwini wawo pafupi ndi khomo. Kanema wa mtsikanayo atangoyamba, agogo anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Bambo anadzuka mwakachetechete n'kutuluka. Amayi ena anayamba kung'ung'udza, ndipo mmodzi anandinong'oneza zimene aliyense m'chipindamo ankadziwa kupatula ine. Kwawoko mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Chikwatirireni, awiriwa anali asanayang'anepo kumaso. Akakumana panjira wina ankapatukira kumbali. Ine ndinawayang'anitsa pakhoma, pagulu, mphindi zitatu zathunthu.

M'mawa mwake mtsikanayo anandiuza kuti bambo ake amuletsa kugwiranso foni. Ndinachita manyazi, komanso ndinadzikwiyira, chifukwa mwana anandichenjeza ine n'kumuphunzitsa luso. Koma ine si munthu wogwira njakata nthawi yaitali. Ndinamukankhira laputopu ija.

"Konza mmene ukudziwira. Ine sindikhudzako."

Anaika agogo okha poyamba. Kenako bambo, koma nkhope ayi: manja okha, chitsulo, moto wothetheka, ndi mawu. Zimene ndinadula zija anazibwezeramo.

Loweruka ine ndi mtsikanayo tinapita kumsika, kanema wokonzedwayo ali m'foni. Ndinagwada pakati pa madengu a nsomba, siketi yanga yabwino ili m'fumbi, n'kupepesa. Agogowo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Aphunzitsi, sukulu yonse munaphunzirayo, za apongozi sanakuuzeni?"

"Sanandiuze, mayi."

"Ndiye mwaphunzira mochedwa. Bweretsani tione."

Gawo lawo analionera akuseka, akudandaula kuti mdzukulu wawajambula mpango uli wopendekeka. Mawu a mkamwini atamveka anayang'ana kumbali, koma foni sanabweze. Anaiika kukhutu. Inenso mawuwo ndinali kuwamva koyamba. Mtsikanayo anali atafunsa bambo ake kuti munthu wolimbikira ntchito amene amamulemekeza ndani.

"Agogo ako," anayankha bambowo, makina akulira chapatali. "Mayi ako atadwala iwe uli wakhanda, anakubereka kumbuyo chaka chonse, uku akugulitsa nsomba. Sindinawathokozepo. Ndikanayambira pati, poti ife sitilankhulana?"

Agogo anauza mdzukulu wawo kuti abwereze pamenepo. Anamvetseranso, ogula awiri akudikira, iwo osawaona. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ukawauze bambo ako kuti ndamva. Ukawauzenso kuti foniyo asakuletse, ndili ndi zanga zoti ndiwayankhe."

Mawu a apongozi mkamwini sawabweza. Lolemba mtsikanayo anali woyamba kudzatenga foni, ndipo poweruka analunjika kumsika. Ataibweza Lachiwiri ndinafufuza zimene anajambula, koma ndinapeza atazisamutsira kale pa foni ya bambo ake, pa yanga n'kufufuta. Ndinamufunsa kuti agogo ananena chiyani.

"Zimenezo si za sukulu, Madamu," anatero.