Sisitala anandilembera kuyenda pansi

Nditasoka zovala ku Durban zaka zisanu, ndinayamba kupuma wefuwefu. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Sydenham ndi mkazi wanga, ndipo ndinkagwira ntchito ku Overport, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Masitepe ake sanali ambiri, koma ndinkaima pakati ngati ndaiwala kanthu, kudikira kuti mtima uleke kuthamanga. Tsiku lonse ndinkakhala pa makina, masana ndinkadya buledi wodzaza ndiwo zamafuta, ndipo popita ndi pobwera ndinkakwera takisi.

Mkazi wanga ndiye anandikakamiza kupita ku kiliniki. Malo ofunsana mafunso ndinkawapewa, chifukwa Chizulu changa chinali chogulira tomato basi.

Anandiona sisitala wina wachizulu, mayi wamkulu waimvi. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandifunsa ngati ndimasuta ndiponso ngati chifuwa chimandipweteka. Dokotala atandimvetsera pachifuwa n'kuvomereza kuti andiyese mphamvu, sisitala uja anakoka bokosi lathabwa pansi pa bedi.

"Vulani jekete, baba," anatero m'Chingerezi chapang'onopang'ono. "Muzikwera ndi kutsika kwa mphindi zitatu. Ine ndiziwomba m'manja, inu muzitsatira. Mukamva chizungulire muime."

Ndinachita manyazi, munthu wandevu kukwera bokosi nditavala nsapato za kutchalitchi. Mphindi yoyamba ndinkaganiza kuti akundiseweretsa. Pofika yachitatu malaya anali atamata kumsana. Anandikhazika pampando, n'kugwira pamkono panga ndi zala ziwiri, maso ali pa wotchi yolendewera pachifuwa pake. Anawerenga kugunda kwa mtima wanga mphindi yathunthu.

"Matenda sitinawapeze," anatero. "Koma mtima wanu ukuchedwa kubwerera m'malo. Unazolowera kukhala."

Analemba papepala kuti ndiziyenda mphindi makumi awiri, masiku anayi pa sabata, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Anandiphunzitsa kudziwerengera kugunda kwa mtima pakhosi. Liwiro la kuyendako, anati, ndi loti ndizitha kulankhula koma ndisathe kuimba.

"Nanga mapiritsi?" ndinafunsa.

"Palibe. Mubwerenso pakatha miyezi itatu."

Ndinafika kunyumba nditakhumudwa, poti ndinali nditataya theka la tsiku n'kubwerako ndi pepala lokha. Mkazi wanga analiwerenga kawiri. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Berea, ndipo mtunda wonsewo ankauyenda pansi tsiku lililonse.

"Ndiye mawa tinyamukira limodzi, bambo," anatero. "Mukatopa mudzakwera takisi yanuyo."

Tinayamba m'nyengo yotentha, pamene chinyezi cha ku Durban chimakugwira ukangotuluka pakhomo. Iye patsogolo ndi chikwama chake, ine pambuyo. Kuti adziwe ngati ndikutha kulankhula, ankandifunsa mafunso. Anayamba ndi a malata a nyumba yathu ya ku Ntcheu, kenako a sukulu ya ana amene tinawasiya kwa achemwali ake. Munthu akamatiyandikira tinkasiya Chichewa poopa kudziwika kuti ndife alendo, n'kupereka "yebo" wathu wa Chizulu, akapitirira n'kupitiriza. Pa chitunda china chokhala ndi mitengo ya mapeyala mawu ankandithera pakati pa chiganizo. Iye ankachepetsa liwiro osatembenuka, ngati wangofuna yekha.

Sabata yachitatu bondo linatupa, ndipo ndinakhala masiku asanu osayenda. Ndinkafuna kusiyiratu. Koma Lolemba ndinapeza mkazi wanga wandiikira nsapato zansalu zogula pakaunjika pafupi ndi bedi.

M'maulendo amenewo ndinamva zambiri zimene sindinkazidziwa. Anandiuza kuti abwana ake ankamupatsa kapu yakeyake yosungidwa pansi pa sinki, ndiponso kuti ankalakalaka kuphunzira kusoka koma ankaopa kundipempha. Tinali titakwatirana zaka khumi ndi zitatu.

Miyezi itatu itakwana ndinakakweranso bokosi lija. Thukuta linatuluka ndithu, koma nditakhala pansi mpweya unabwerera msanga. Sisitala anayerekeza ndi zimene analemba poyamba, n'kugwedeza mutu.

"Kugunda kwa mtima kwacheperako. Simunafike, koma kwacheperako. Tsopano mphindi makumi atatu, ndipo chitunda musachizembe."

Chaka chotsatira abwana a mkazi wanga anasamukira ku Umhlanga, kutali koti sakanayenda pansi, choncho takisi inakhala yake. Ine ndinapitiriza ndekha m'mawa uliwonse, ndikudzilankhulira chamumtima, nthawi zina mokweza ndithu. Mlonda wina wa pageti la mafulati anazolowera kundiona, mpaka ankati ndikachedwa amandilozera wotchi yake.